Audacity pa malaputopu athu a ku Mangochi: mtundu woyenera kuika ndi uti?

Audacity ndi pulogalamu yojambulira ndi kukonzera mawu imene ndimauza aliyense wondifunsa kuno ku Mangochi kuti ayambe nayo, kaya ndi mtsogoleri wa kwaya amene akufuna kusunga nyimbo za gulu lake, mphunzitsi wa kumadrasa wofuna kujambula kaswida, kapena wachinyamata yemwe akukonza nkhani yoti akapereke ku wailesi. Ndi yaulere, siilemetsa kompyuta, ndipo ntchito zimene ambirife timafuna, monga kujambula, kudula, kuchepetsa phokoso ndi kutulutsa fayilo yomveka bwino, imazigwira mokwanira. Chimene anthu ambiri sauzidwa ndi chakuti pulogalamuyi ili ndi mitundu yambiri, yosiyanitsidwa ndi manambala, ndipo mtundu umene watuluka kumene si kuti ndi woyenera laputopu iliyonse. Madandaulo ambiri amene ndimamva, akuti pulogalamu ikukana kutseguka kapena kuti ntchito ya dzulo sikuwerengeka lero, amachokera pa kusankha mtundu mosayang'ana makina amene munthu ali nawo komanso anthu amene amagwira nawo ntchito.

Pulogalamuyi anaiyambitsa ndi Dominic Mazzoni ndi Roger Dannenberg pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America, ndipo inatulutsidwa koyamba m'chaka cha 2000. Kwa zaka zambiri inkakonzedwa ndi anthu ongodzipereka, kufikira mu 2021 pamene inalowa m'manja mwa kampani ya Muse Group. Chaka chomwecho, m'mwezi wa Marichi, kunatuluka mtundu wa 3.0, ndipo pamenepa ndi pamene pali malire aakulu amene wogwiritsa ntchito aliyense ayenera kuwadziwa: kumbuyo kwake kuli mitundu ya 2, imene womaliza wake ndi 2.4.2 wa mu 2020, ndipo kutsogolo kwake kuli mitundu ya 3, imene yakhala ikusintha kwambiri chaka ndi chaka.

Munthu asanachite dawunilodi chilichonse, ayambe wadziwa laputopu yake. Malaputopu ambiri m'boma lino sanagulidwe atsopano m'sitolo. Ena anabwera ndi abale ochokera ku Joni, ena anagulidwa kwa munthu amene anaagwiritsa ntchito kale, ndipo ena ndi otsala m'maofesi ndi m'masukulu, kotero n'zosadabwitsa kupeza pagulu limodzi wina ali ndi Windows 7, wina Windows 10, wina Windows 11. Pa Windows 10 ndi 11, munthu alowe mu Settings, kenako System, kenako About, ndipo pamenepo adzaona mtundu wa Windows, kuchuluka kwa RAM (memori imene kompyuta imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu), komanso mzere wa System type umene umanena ngati makinawo ndi a 32-bit kapena a 64-bit. Pa Windows 7 zimenezi zimaoneka munthu akadina Computer ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha Properties. Mzere wa System type ndi wofunika kwambiri, chifukwa pulogalamu ya 64-bit siingalowe mu Windows ya 32-bit, pamene ya 32-bit imagwira ntchito konsekonse. Audacity ya 64-bit pa Windows inayamba kutulutsidwa ndi mtundu wa 3.0.3, ndipo Windows 11 ili ya 64-bit yokha, choncho kwa amene ali ndi Windows 11 funso limeneli silivuta.

Kwa munthu amene ali ndi Windows 10 kapena 11 ya 64-bit ndi RAM yosachepera 4 GB, maganizo anga ndi akuti aike mtundu watsopano wa 3 umene uli pa tsamba la eni ake pulogalamu, monga ya m'gulu la 3.7 imene inayamba kutuluka kumapeto kwa 2024. Awa ndi makina amene okonza pulogalamuyi amaiyeserapo, ndipo zolakwika zikapezeka amazikonza m'mitundu yatsopanoyo, osati m'yakale. Pa ntchito ya mawu olankhula kapena ya kwaya yojambulidwa ndi maikolofoni imodzi kapena awiri, laputopu yotereyi imakwanitsa popanda kujejema.

Nkhani imasintha pa laputopu yakale ya Windows 7, makamaka ikakhala ndi RAM ya 2 GB yokha. Pamakina otere ndimaika 2.4.2, ndipo sindiona chifukwa choichitira manyazi. Imatseguka msanga, siitenthetsa laputopu kwambiri, chomwe ndi chinthu chofunika m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kwa kuno kumachititsa kuti fani ya laputopu izingolira, ndipo zipangizo zofunika monga Noise Reduction, Amplify, Normalize ndi Compressor zilimo zonse. Imatulutsanso MP3 popanda kufuna china chowonjezera, chifukwa kuyambira pa mtundu wa 2.3.2 wa mu 2019 chida cha LAME chimene chimapanga MP3 chimabwera m'kati mwa pulogalamu momwemo. Amene akusungabe mitundu yakale kuposa pamenepo, imene imapempha fayilo ya lame_enc.dll nthawi yotulutsa MP3, achite bwino kukwera kufika pa 2.4.2, popeza palibe chimene akupindula pokhalabe m'mbuyo. Chenjezo langa pamakina amenewa silikhudza Audacity koma Windows yeniyeniyo. Microsoft inasiya kutumiza zokonza chitetezo cha Windows 7 mu Januwale 2020, ya 8.1 mu Januwale 2023, ndipo ya Windows 10 tsiku lake lomaliza linaikidwa kukhala 14 Okutobala 2025. Laputopu ya Windows 7 ingathe kujambula mawu bwinobwino kwa zaka zina, koma isamalumikizidwe ku intaneti mwachisawawa kapena kulandira fulashi ya munthu aliyense.

Mbali imene imasokoneza kwambiri magulu, ndipo ndi imene ndikufuna kuti owerenga aimvetse bwino, ndi kasungidwe ka pulojekiti. Pulojekiti ndi ntchito imene sinamalizike, yokhala ndi mizere yonse ya mawu payokhapayokha, yosiyana ndi fayilo ya WAV kapena MP3 imene munthu amatulutsa pomaliza. Mitundu ya 2 imasunga pulojekiti m'zigawo ziwiri: kafayilo kakang'ono kothera ndi .aup, ndi foda ya dzina lomwelo yothera ndi _data, mmene muli timafayilo tambirimbiri ta mawu enieniwo. Munthu akakopera kafayilo ka .aup kokha n'kusiya fodayo, amafika nako kwa mnzake kopanda mawu, ndipo akasintha dzina la fodayo, pulojekiti imalephera kupeza mawu ake. Ntchito zambiri za anthu zinatayika mwa njira imeneyi. Mtundu wa 3.0 unathetsa vutoli poika zonse m'fayilo imodzi yothera ndi .aup3, ndipo pa mfundo iyi yokha ndimauyamikira kwambiri. Koma kusinthaku kuli ndi mtengo wake. Mitundu ya 3 imatha kutsegula mapulojekiti akale a .aup n'kuwasandutsa .aup3, pamene mitundu ya 2 siitha kutsegula .aup3 mpang'ono pomwe. Ngakhale pakati pa mitundu ya 3 yokhayokha, pulojekiti yosungidwa m'mtundu watsopano nthawi zina imakanidwa ndi wakale, ndi uthenga wonena kuti inasungidwa ndi Audacity yatsopano. Mlatho umenewu ndi wowolokera mbali imodzi yokha.

Tanthauzo lake pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi loonekeratu. Tiyerekeze kuti gulu la achinyamata likukonza pulogalamu ya zaumoyo m'Chiyao ndi m'Chichewa, mmodzi akujambula ku Namwera ndi laputopu ya Windows 7 yokhala ndi 2.4.2, ndipo wina akusanja mawuwo pa boma ndi laputopu ya Windows 11 yokhala ndi 3.7. Pulojekiti ingachoke ku Namwera n'kutseguka pa boma, koma ikangosungidwa kumeneko, siingabwerere kwa mwini wake kuti akakonze penapake. Njira zothetsera zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti gulu lonse ligwirizane pa mtundu umodzi, ndipo mtunduwo ukhale umene laputopu yofooka kwambiri pagulupo ingathe kunyamula. Popeza 2.4.2 imagwiranso ntchito pa Windows 10 ndi 11, zimenezi n'zotheka. Yachiwiri, imene ine ndimaikonda kuposa, ndi yakuti anthu asamatumizirane mapulojekiti ayi, koma azitulutsa mzere uliwonse wa mawu ngati WAV, chifukwa WAV imatseguka mu Audacity ya mtundu uliwonse komanso m'mapulogalamu ena onse okonzera mawu. Wotumiza mawu ku wailesi, kaya ndi ku Dzimwe kapena ku Radio Maria, asaganize kuti kusitudiyo kuli Audacity yofanana ndi yake. Afunse mtundu wa fayilo imene akufuna, n'kupereka imeneyo.

Palinso lamulo lina la mitundu ya 3 limene limadzidzimutsa anthu amene anazolowera kuyenda ndi ntchito yawo pa fulashi. Audacity ya 3 siilola kusunga pulojekiti pa fulashi kapena pa memori khadi yokonzedwa m'njira ya FAT32, ndipo mafulashi ambiri ang'onoang'ono amene timagula amabwera ali otero. Chifukwa chake n'chomveka: FAT32 siisunga fayilo imodzi yoposa 4 GB, ndipo fayilo ya .aup3 ingakule kupitirira pamenepo ntchito ili m'kati. Mchitidwe wabwino ndi kugwira ntchito pa hadi diski ya laputopu, kutseka pulogalamu ukamaliza, kenako n'kukopera fayiloyo pa fulashi. Kutseka kaye n'kofunika, chifukwa pulojekiti ikakhala yotsegula pambali pake pamakhala timafayilo tiwiri tosakhalitsa, tothera ndi -wal ndi -shm, ndipo kukopera kapena kuzula fulashi nthawi imeneyo kungasiye ntchito yosakwanira. Ndimaona kuti uthenga umene pulogalamu imapereka pa nkhaniyi ukanayenera kufotokoza zambiri, chifukwa munthu wosadziwa za FAT32 amangoganiza kuti fulashi yake yafa.

Kukula kwa mafayilo nakonso kumafuna kuwerengera. Pa muyeso wa 44,100 Hz, WAV ya 16-bit ya sitiriyo imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi, koma m'kati mwa pulojekiti Audacity imasunga mawu pa 32-bit, kutanthauza pafupifupi 20 MB pa mphindi, kapena kuposa 1 GB pa ola limodzi. Ulaliki, msonkhano wa mafumu kapena mwambo wa ukwati wa maola atatu ungadzaze malo otsala pa laputopu yaing'ono usanathe. Pa mawu a munthu mmodzi wolankhula pa maikolofoni imodzi palibe chifukwa chojambulira mu sitiriyo, ndipo kusankha mono kumachepetsa kukulako ndi theka. MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ndiye ndi yabwino potumiza pa WhatsApp, koma si yoyenera kusungiramo ntchito imene idzakonzedwenso, chifukwa mawu amataya ubwino wake nthawi iliyonse imene apanikizidwa kukhala MP3.

Ambiri mwa ife timayamba kujambula pa foni, n'kudzasamutsira mawuwo pa laputopu, ndipo apa m'pamene pamabwera nkhani ya FFmpeg. Mafoni ambiri amasunga mawu ngati M4A, mtundu umene Audacity siitsegula payokha pa Windows popanda chowonjezera chotchedwa FFmpeg. Chowonjezerachi chiyenera kugwirizana ndi Audacity imene yaikidwa: ya 64-bit imafuna FFmpeg ya 64-bit, ya 32-bit imafuna ya 32-bit, ndipo 2.4.2 imafuna FFmpeg yakale ya m'nthawi yake, osati yatsopano. Munthu akasintha Audacity kuchoka pa 32-bit kupita pa 64-bit n'kuona kuti mawu a pafoni amene ankatseguka kale tsopano akukana, chifukwa chake kawirikawiri chimakhala chimenechi. Lamulo lomweli limagwira pa mapulagini, timapulogalamu towonjezera zipangizo mu Audacity: a 32-bit sagwira ntchito mu Audacity ya 64-bit. Amene ali ndi pulagini yakale imene amaidalira aganizire mfundo imeneyi asanasinthe.

Kodi mitundu yatsopano ili ndi chiyani choti munthu aifunire? Zina ndi zothandizadi. Kuyambira pa 3.1, munthu amatha kugwira chidutswa cha mawu pamutu pake n'kuchisuntha, kapena kuchifupikitsa pokoka m'mbali popanda kufufutiratu gawo lobisikalo, kotero kuti akasintha maganizo amangolikokanso n'kubwerera. Mtundu wa 3.2, wa mu 2022, unabweretsa zokometsera mawu zimene zimamveka nthawi yomweyo popanda kusintha mawu oyambirira, unayamba kulandira mapulagini a VST3, komanso unasonkhanitsa zosankha za maikolofoni ndi masipika pa batani limodzi la Audio Setup. Mu 3.4 munabwera kutalikitsa kapena kufupikitsa chidutswa cha nyimbo popanda kusintha kamvekedwe kake, ndipo 3.6 inabwera ndi Compressor ndi Limiter zatsopano zimene zimaonetsa bwino zomwe zikuchitika ku mawu. Kwa wosanja nyimbo za kwaya zokhala ndi mizere ingapo, izi zimapulumutsa nthawi yambiri. Kwa munthu amene ntchito yake ndi kujambula zokambirana, kudula poyambira ndi pothera, n'kutulutsa MP3, palibe pa zimenezi chomukakamiza kugula laputopu ina. Zina, monga kusunga mapulojekiti pa intaneti kudzera pa audio.com, n'zopangidwira anthu amene intaneti yawo ilibe malire. Kwa ife ogula bandulo, pulojekiti ya 1 GB siyotumiza kumeneko, ndipo munthu ayenera kusamala kuti pa nthawi yosunga asankhe kusunga pa kompyuta yake.

Mavuto ena amene anthu amanamizira mtundu wa pulogalamu amachokera kwina. Ngati Audacity ikunena kuti yalephera kutsegula chipangizo chojambulira pa Windows 10 kapena 11, choyamba kuyang'ana ndi zosankha za Privacy pa mbali ya Microphone, chifukwa Windows imatha kuletsa mapulogalamu kugwiritsa ntchito maikolofoni. Maikolofoni ya USB ilumikizidwe pulogalamu isanatsegulidwe, apo ayi munthu asankhe Rescan Audio Devices kuti ionekere. Malaputopu ambiri a masiku ano ali ndi kabowo kamodzi ka hedifoni ndi maikolofoni pamodzi, ndipo waya wochokera ku mikisa ya tchalitchi kapena ya mzikiti ukalowetsedwa m'menemo, mawu amatuluka ophwanyika kapena satuluka n'komwe. Kachipangizo ka USB kolandirira mawu kamathetsa zimenezi. Kung'ung'udza kwapansipansi kumene kumamveka chaja ikakhala pamagetsi kumachokera ku magetsi athu a 50 Hz, ndipo nthawi zambiri kumatha munthu akazula chaja n'kujambulira pa batire. Mu Audio Setup muli njira zitatu zolumikizira mawu pa Windows, zomwe ndi MME, DirectSound ndi WASAPI. MME ndi imene imagwirizana ndi zipangizo zambiri, pamene WASAPI ili ndi ubwino woti imatha kujambula mawu amene kompyutayo ikuliza.

Chida cha Noise Reduction chimagwira bwino pa phokoso losasintha, monga la fani kapena la jenereta yomwe ili patali. Munthu amasankha kamphindi kopanda wolankhula, kudina Get Noise Profile, kenako n'kugwiritsa ntchito chidacho pa mawu onse. N'chifukwa chake ndimapempha oimba kuti akhale chete masekondi angapo tisanayambe. Koma phokoso la mphepo ya mwera ikamawomba pa maikolofoni m'mbali mwa nyanja, kapena la njinga zamoto zodutsa pamsewu, chidachi sichilithetsa, ndipo chikakakamizidwa mawu amamveka ngati munthu akulankhulira m'chitini. Palibe mtundu wa Audacity umene ungabweze mawu amene anaphwanyika pojambula, choncho mulingo wa kukwera kwa mawu pojambula uzisiyidwa kuti pofuula kwambiri uzifika pafupi ndi -6 dB basi. Magetsi akathima laputopu ya batire lakufa ili m'kati mojambula, pulogalamuyi imayesa kubweza ntchitoyo ikatsegulidwanso, ndipo nthawi zambiri imakwanitsa, koma chimenechi si chifukwa chosiyira kusunga pafupipafupi.

Komwe munthu akutenga pulogalamuyi kukhale kodalirika. Tsamba la eni ake ndi audacityteam.org, ndipo limapereka njira ziwiri, ina yodzera pa pulogalamu yotchedwa Muse Hub, ina yopanda iyo. Kwa wofuna Audacity yokha, njira yachiwiriyi ndi yabwino, chifukwa siionjezera china pa laputopu ndipo fayilo yake ingasungidwe n'kuikidwa pa makina ena popanda kugulanso bandulo. Mitundu yakale imapezeka kudzera pa tsamba lomwelo, ndipo munthu apewe masamba ongotulukira pofufuza amene amaphatikiza zinthu zina zosafunika. Aliyense wolipiritsa ndalama ponena kuti akugulitsa laisensi ya Audacity akunama, popeza pulogalamuyi ilibe laisensi yogula. Chimene munthu angalipire ndi ntchito ya womuikira basi. Ndi bwinonso kudziwa kuti mu 2021 panabuka mkangano waukulu pamene eni ake atsopano anafuna kuti pulogalamu izitumiza zina zokhudza kagwiritsidwe ntchito kake, ndipo anthu atadandaula anabwerera m'mbuyo pa zambiri. Mitundu ya 3, kuyambira pa 3.0.3, imayang'ana pa intaneti ngati kwatuluka watsopano, koma zimenezi zingazimitsidwe mu Preferences, ndipo pa laputopu ya gulu limene lagwirizana pa mtundu umodzi ndimazimitsa, kuti wina asadine mwangozi n'kusiyana ndi anzake.

Zofooka za pulogalamuyi ziliponso, ndipo sizisintha ndi mtundu. Imajambula kuchokera ku chipangizo chimodzi pa nthawi imodzi, ndiye payokha siingajambule ndi maikolofoni awiri a USB limodzi. Mitundu imene tatchulayi inatuluka yopanda ASIO, njira yolumikizira mawu mofulumira pa Windows, chifukwa cha malamulo a laisensi, zimene zimachititsa kuti woimba pamwamba pa nyimbo yojambulidwa kale azidzimva mochedwa pang'ono ngati akudzimvera kudzera m'kompyuta. Ilibe mtundu wa pa foni ya Android kapena iPhone. Pa mndandanda wa zilankhulo zake palibe Chichewa kapena Chiyao, ndipo izi zimandikhudza, chifukwa achikulire ambiri amene ali ndi nyimbo ndi mbiri zoyenera kusungidwa amadalira mwana kapena mdzukulu kuti awawerengere mabatani. Siinapangidwirenso kupanga zing'wenyeng'wenye za pakompyuta ndi MIDI, njira imene zida zoimbira zimalumikizirana ndi kompyuta. Wachinyamata wofuna kupanga mabiti ndi kujambula oimba angapo m'situdiyo adzaiona yoperewera posachedwa, ndipo m'malo moika pulogalamu yobedwa imene imabwera ndi mavairasi, angayese Reaper, yomwe imalola kuiyesa kwa masiku 60, laisensi yake ya munthu payekha ndi madola 60, ndipo nayonso imayenda bwino pa makina osalimba kwenikweni.